Nthano Yopanda "Tili Tonse" Siifika Patali

Kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi ena a sukulu ya pulaimale kufupi ndi Domwe, m'boma la Angonia, kuli chulu chachikulu chimene ana a pamudzipo adachitcha "ofesi". Lachitatu ndi Lamulungu lililonse, akangotha kudya nsima yamadzulo, aphunzitsiwo amanyamula foni, kope lachikuto chofiira ndi kampando, nakakhala pamwamba pa chulucho. Pamudzi ponse ndi pokhapo pamene rede imagwira bwino. Amakhala pamenepo ola lathunthu ali zyoli, kulemba, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene mphepo ya kuphiri imalowa mpaka m'mafupa.

Poyamba anthu ankanong'onezana. Ena ankati bamboyo ali ndi chibwenzi ku Tete, ena ankati adalowa za juga. Akazi awo akamva zimenezi ankangoseka, poti iwo ankadziwa zonse. Chimene aphunzitsiwo amachita pachulupo ndi kutsogolera nthano. Nthano yake ndi imodzi yomweyo kuyambira chaka cha 2021, ndipo amaisimba anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ali kwawo, polemberana pa foni. Masewera a mtundu umenewu ngosavuta kuwayamba, koma ambiri amazirala msanga. A aphunzitsiwa adafa kawiri asanapeze moyo, ndipo mmene adapezera moyowo ndi nkhani yoyenera kuimva.

Aphunzitsiwo adabadwa mu 1982. Nkhondo itafika povuta mu 1986, banja lawo lidathawa usiku kulowera ku Dedza, monga adachitira anthu ambirimbiri a m'bomali. Pa zaka zimenezo dziko la Malawi lidafika posunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Kumeneko munda udali wopempha, ufa udali wolandira, wailesi kudalibe. Chimene chidalipo ndi agogo awo aakazi. Kukada, ana ankazungulira moto, agogo nkuyamba: "Padangokhala!" Ana onse pamodzi: "Tili tonse!" Agogo akanena mawu pang'ono ankapumira, ana nkuvomeranso, chomwecho mpaka kumathero.

Agogowo adali ndi khalidwe limodzi limene ana ankadana nalo. Akaona kuti kuvomera kwayamba kufooka, kwatsala pakamwa pamodzi kapena pawiri, ankasiya nthano pomwepo, ngakhale Kalulu ali m'kamwa mwa Fisi. Ankati, "Ndikusimbira yani? Mafuwa?" Kenaka ankakagona, ana nkutsala akukankhana kuti iwe ndiwe unayamba kusinza.

Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo banjalo lidabwerera kwawo chaka chotsatira. Agogo adamwalira patapita zaka zochepa. Ana aja atakula adabalalikanso, ulendo uno osati chifukwa cha mfuti koma chifukwa chofuna zakudya. Mlongo wa aphunzitsi adakwatiwa ku Dedza komwe kuja. Msuweni wawo wamkulu adapeza ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Mng'ono wawo, amene adabadwira kothawa nkhondo, adakwera basi ya ku Johannesburg mu 2013. Mwana wa achemwali awo aakulu adapita kukaphunzira ku yunivesite ku Maputo. Mafoni adali nawo onse, koma nkhani zokamba zidali zochepa. "Muli bwanji?" "Tili bwino." "Mvula ili bwanji?" Kenaka za ndalama, foni nkudulidwa.

Mnyamata wa ku Maputo uja ndiye adabwera ndi kalumo kakuthwa. Anzake a kusukulu adamuphunzitsa masewera ena a nthano, amene amayenda motere. Munthu mmodzi amakhala mwini nthano, ndipo ndiye amafotokoza dziko, nyengo, njira ndi zoopsa za m'njiramo. Otsalawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, namuyankhulira ndi kumusankhira zochita. Mwini nthano akati, "Mwafika pamtsinje, madzi adzaza, kutsidya kukufuka utsi," wina amati munthu wake adula mtengo, wina amati wake asambira. Chinthu chikakhala chokayikitsa, kaya awoloka kaya ng'ona imugwira, amaponya dayisi, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo imagamula. Sapikisana ayi, onse amakhala mbali imodzi, ndipo palibe amene amadziwiratu kumene nthano idzathere.

Masewera otchuka koposa a mtunduwu ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America mu 1974. Iwo ankasewera atazungulira tebulo. Koma kusewera anthu ali motalikirana kudayamba kale kuposa pamenepo. Chesi ankaisewera pa makalata kuyambira kalekale, ndipo mu 1963 mkulu wina wa ku New York, John Boardman, adayamba kuyendetsa masewera otchedwa Diplomacy kudzera ku positi. Osewera ankamutumizira makalata onena zimene asilikali awo achite, iye nkuwerenga onsewo, kugamula, ndi kusindikiza zotsatira m'kanyuzi kake kotchedwa Graustark. Masewera amodzi ankatenga zaka kuti athe. Makompyuta ndi intaneti zitabwera, anthu okonda nthano za Dungeons & Dragons ndi zina zotero adatengera njira yomweyo yolemberana, ndipo masiku ano ambiri amachitira pa foni.

Ubwino wake ngwoonekeratu. Wa kumgodi amalemba akaweruka, wa kumunda amalemba akasamba, palibe chifukwa choti onse apezeke nthawi imodzi. Koma matenda ake ali pomwepo. Pamoto, mwana wosinza amaoneka, mnzake nkumugwedeza. Pa foni wosinza saoneka. Matendawa ngakale, pakuti ngakhale oyendetsa masewera a pa positi aja ankasunga maina a anthu odikira, oti alowe m'malo mwa amene wasiya kutumiza makalata.

Nthano yoyamba ya banjali idayamba mu Epulo 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19. Sukulu za m'dziko muno zidali zitatsekedwa kuyambira pa 23 Marichi, ndipo ku South Africa boma lidalamula anthu kuti akhale m'nyumba kuyambira pa 27 Marichi. Aliyense adali ndi nthawi. Mnyamata uja adatsegula gulu pa WhatsApp, ndipo abale adasankha aphunzitsi kuti akhale mwini nthano, poti ndiwo ankakumbukira bwino za agogo. Iwo adapeka za mudzi wina wakalekale umene ng'oma yake yoitanira mvula idabedwa, ndi za anthu amene mfumu idawatuma kutsikira ku Zambezi kukaifuna. Mng'ono wa ku Joni adakhala mlenje, mlongo wa ku Dedza mzamba, msuweni wa ku Moatize wosula makasu, mnyamata wa ku Maputo wamalonda a mchere wokonda bodza. Alamu, adzukulu ndi anzawo adalowanso, onse pamodzi anthu 14.

Sabata yoyamba foni ya aphunzitsi idalira usana ndi usiku. Mauthenga ankapitirira 100 pa tsiku. Iwo ankagona pakati pa usiku, ndipo ndalama ya sopo idayamba kuthera ku mega. Mlongo wawo, amene ankatsegula foni tsiku la msika lokha, adapeza mauthenga osawerengeka, ndipo mzamba wake adali atasiyidwa mitsinje itatu m'mbuyo. Adatseka foni osalemba kanthu. Ena a mega yochepa adachita chimodzimodzi. Mudatsala anyamata atatu okha a nthawi yambiri, ndipo nawonso ntchito zitayamba kutsegulidwa adasowa. Palibe amene adanena kuti wasiya. Mauthenga adangoyamba kuchepa ngati madzi a pachitsime m'chilimwe, ndipo pofika Juni mudali zii. Akuluakulu adanena kale kuti ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika.

Mu Seputembala chaka chomwecho adayesanso ndi anthu 9. Pofuna kupewa phokoso lija, aphunzitsi adalamula kuti azilemba motsatana, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, ndipo wina asalumphe mnzake. Zidayenda bwino mwezi umodzi. Kenaka apaulendo aja adafika paphanga lotsekedwa ndi chimwala, ndipo woti achiswe adali wosula makasu ndi nyundo yake. Sabata imeneyo msuweni uja adamusinthira ku ntchito ya usiku. Sadalembe. Poti ndiye adali wamkulu pagulupo, palibe amene adalimba mtima kumulumpha. Anthu asanu ndi atatu adaima pakhomo pa phanga masabata atatu.

Mng'ono wa ku Joni adatopa nako kudikirako. Adalemba kuti mlenje wake walanda thumba la mankhwala la mzamba nkuliponya mumtsinje kuti katundu apepuke, nawonjezera kuti mzambayo wakhala pansi akulira. Mlongo wa ku Dedza adayankha nthawi yomweyo: "Iwe, munthu wanga salira. Wakupatsa ndani mphamvu yomuliritsa?" Asanathe mawu atatu, nkhani idachoka pa mzamba nkufika pa ndalama za malata a nyumba ya amayi, zimene wina adalonjeza mu 2018 osatumiza. Mayiyo adatuluka m'gulumo.

Aphunzitsi nawo adali ndi cholakwa chawo, ndipo amachivomera. Nthano yonse adali atailemba kale m'kope, kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Anthu akasankha njira ya kumanzere ankafika paphanga, akasankha ya kumanja ankafika paphanga lomwelo. Mnyamata wa ku Maputo adazindikira, ndipo adalemba mwaulemu wake: "Amalume, ngati mudamaliza kale zonse, ingotitumizirani tiwerenge." Mawu amenewo adawapweteka aphunzitsi kuposa mkangano wa malata. Nthano yachiwiri idafera pomwepo, ndipo abale awiri adatha miyezi osalankhulana.

Tsiku lina aphunzitsi akuthandiza mayi awo kusenda nyemba pakhonde, adawafotokozera zonsezi ngati nkhani yoseketsa. Mayiwo sadaseke. Adati, "Agogo anu simukuwakumbukira bwino, bambo. Mukungokumbukira Kalulu ndi Fisi. Iwo mwana mmodzi akagona sankamudikira, sankamuthamangitsanso. Ankamufunditsa nsalu, nthano nkumapita. Ankasiya pokhapokha mukakhala chete nonse. Ndipo kodi mudaonapo nthano yawo itafika m'mawa? Inkatha moto usanazime."

Aphunzitsi adasinkhasinkha mawuwo mpaka kukolola. Mu Meyi 2021 adapita okha ku Dedza ndi thumba la mbatata kukapepesa mlongo wawo, ndipo atabwerako adatsegula gulu lachitatu. Ulendo uno adatenga anthu asanu okha, iwo kukhala achisanu ndi chimodzi: mlenje, mzamba, wosula makasu, wamalonda a mchere, ndi mayi awo. Mayiwo salemba, koma amalankhula pa foni ya mwana wawo mawu nkutumizidwa, ndipo adatenga malo a nkhalamba ya bwato imene imawolotsa anthu pa Zambezi. Ena amene adapempha kulowa adauzidwa kuti aziwerenga nawo, adikire mpata. Uthenga woyamba wa mlenje m'nthano yachitatuyo udali wakuti wadumphira mumtsinje kukavuula thumba la mzamba. Kupepesa kwake kudali komweko, ndipo mlongo wake adamva.

Malamulo amene adaika ali patsamba loyamba la kope lofiira lija. Loyamba ndi la masiku. Nthano imayenda Lachitatu ndi Lamulungu, kaya onse alemba kaya alemba awiri. Aliyense amalemba uthenga umodzi pakati pa masikuwo, osati khumi, kuti wa mega yambiri asapondereze wa mega yochepa. Aphunzitsi adaona kuti anthu sasiya chifukwa choti nthano ikuyenda pang'onopang'ono. Amasiya pamene sakudziwa tsiku limene idzayendenso.

Lachiwiri ndi limene adalitenga kwa agogo. Munthu amene alibe nthawi, mphamvu kapena mega yolembera zambiri, atumize mawu awiri okha: "Tili tonse." Akatero, mwini nthano amayendetsa munthu wakeyo pamodzi ndi anzake, osamuika pangozi. Lamuloli lidachotsa manyazi. Kale munthu akaphonya kawiri ankaganiza kuti ayenera kubwera ndi chikalata chachitali chopepesera, ndipo poti nthawi yolembera chikalatacho sankaipeza, sankabweranso. Amene waphonya katatu osatumiza ngakhale mawu awiriwo, munthu wake samuphedwa. Amamusiya pamudzi wina wa m'njira akupoletsa mwendo, kuti tsiku limene adzabwere adzapeze malo ake.

Lachitatu ndi lakuti munthu wa mnzako si wako. Usamuikire mawu m'kamwa, usamuliritse, usamulande katundu mwini wake asanavomere. Za maliro, za odwala, za ndalama ndi zithunzi za ana zili ndi gulu lakelake. Dayisi ndi wa masewera a ludo, ndipo amaponya ndi akazi a aphunzitsi pamphasa, ana akuonerera, kuti wina asamati achimwene akukondera.

Malamulo ena aphunzitsi adadziikira okha. Adasiya kulemba mathero. M'kope amalembamo zimene zachitika kale, maina a midzi ndi ngongole zimene wamalonda a mchere wasiya m'njira, basi. Adasiyanso kumaliza uthenga ndi funso lopanda mutu lakuti "Tsono muchita chiyani?", pakuti adaona kuti funso lofunsa onse sayankha ndi mmodzi yemwe. Masiku ano amamaliza ndi chinthu chimene chagwera munthu mmodzi, namutchula: "Mayi wapakati wagwa pakhomo pa mfumu, ndipo anthu onse akuyang'ana inu, azamba." Amasamalanso kuti pasakhale khomo loti kiyi wake ali ndi munthu mmodzi yekha, monga lidalili phanga lija. Pa mutu woyamba wa mwezi amatumiza chidule cha mizere khumi, kuti amene adatsalira adziwe pamene anzake afika. Ndipo mnyamata wa ku Maputo ndiye wachiwiri wawo. Aphunzitsi akatanganidwa ndi mayeso a ana kapena akadwala malungo, iye amatsogolera, kuti nthano isadwale pamodzi ndi mwini wake.

Za moto usanazime adazitsatanso. Nthano adaidula m'zigawo, chigawo chilichonse cha miyezi iwiri kapena itatu, chokhala ndi mathero ake. Chigawo chikatha aphunzitsi amalemba monga ankanenera agogo, "Kaphuleni mbatata!" ndipo onse amayankha, "Yapserera!" Pamenepo wofuna kupuma amapuma popanda mlandu. Mvula yoyamba ikagwa amatseka mwezi wathunthu kuti anthu adzale ndi kupalira, koma asanatseke amalengeza tsiku lodzatsegula. Kupuma kopanda tsiku lobwerera ndi kumene kudapha nthano ziwiri zija.

Wina angafunse kuti zonsezi nzaphindu lanji, anthu akuluakulu a ndevu kumavutika ndi ng'oma yopeka. Yankho lake lidaoneka mu 2022.

Mng'ono wa ku Joni ankagwira ntchito m'khitchini ya malo ena odyera. Pa foni ankanena mawu amodzimodzi nthawi zonse: "Ndili bwino, achimwene." Koma m'mwezi wa Meyi chaka chimenecho mlenje wake adayamba kusintha. Iye amene ankatsogola pa ngozi iliyonse adayamba kutsalira m'mbuyo. Tsiku lina adalemba kuti mivi yamuthera. Tsiku lina, apaulendo akukambirana zobwerera kumudzi, adalemba kuti mlenje wati anzake apite, iye sangaonekere kwa mfumu chimanjamanja. Mwezi wa Juni wonse adatumiza "Tili tonse" yekha. Mu Julayi adasiya ngakhale zimenezo.

Aphunzitsi adatsata lamulo. Adalemba kuti mlenje watsala pakhumbi m'mbali mwa mtsinje, ndipo nkhalamba ya bwato ikumusonkhezera moto. Koma mlongo wa ku Dedza adawaimbira usiku womwewo. Adati, "Achimwene, werenganinso zimene mwana uja wakhala akulemba. Si mlenje akulankhula apa." Aphunzitsi adatsegula kope, nawerenga kuyambira Meyi, ndipo tulo tidawathawa. Kale mng'ono wawoyo ankatha miyezi itatu osamveka, wina osadabwa, poti anthu a ku Joni ndi mmene amachitira. Tsopano panali masiku odziwika amene ankayenera kumveka, ndipo adali ataphonya asanu.

Adapempha munthu wina wa mudzi woyandikana nawo, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Ulongwe, kuti akamuone. Munthuyo adapeza chipinda chili ndi loko wa eni nyumba. Atafunsafunsa adamupeza akugona pansi m'kachisakasa ka mnzake, m'nyengo yozizira ija. Ntchito idali itatha mu Epulo, foni adagulitsa kuti adye, ndipo chifuwa chidali chitamugwira. Adalankhula ndi mkulu wake pa foni ya wakatunduyo.

"Achimwene, zaka zonsezi, ndibwera bwanji wopanda ngakhale bulangeti la amayi?"

Aphunzitsi adati, "Mlenje uja tamusiya pakhumbi, ndipo amayi akumusonkhezera moto Lachitatu lililonse. Akufunsa kuti adzuka liti. Mivi tidzasulira konkuno."

Kudali chete kwa nthawi, kenaka mnyamatayo adalira. Ndalama ya basi adasonkha abale. Aphunzitsi adagulitsa matumba a mbatata, mlongo wa ku Dedza, yemwe uja wa mkangano wa malata, adagulitsa mbuzi, ndipo gawo lalikulu adapereka msuweni wa ku Moatize. Adadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano, nawoloka Zambezi weniweni pa Tete, ndipo adatsika chapa pa Ulongwe mu Okutobala mvula isanagwe. Adalandira mankhwala, nachira. Lero amalima kabichi ndi mbatata kudimba la malemu agogo.

Sikuti kuyambira pamenepo zonse zidayenda myaa. Chigawo china cha 2023 chidakhala chozizira, anthu akungotumiza "Tili tonse" osalemba kanthu, mpaka aphunzitsi adachidula msanga nafunsa aliyense chimene akufuna kuona m'chigawo chotsatira. Chaka chomwecho msuweni wa ku Moatize adanena poyera kuti watopa. Sadamukakamize. Adamupangira chigawo chotsanzikana, wosula makasu nkukwatira pamudzi wina wa m'mbali mwa Zambezi, ndipo malo ake adalowa mlamu wina amene adakhala akuwerenga nawo zaka ziwiri. Mlamuyo adabwera ndi munthu watsopano, woimba ng'oma wamantha, ndipo nthano idatenthanso. Ng'oma ya mvula ija adaipeza kalekale m'chigawo chachinayi, koma pobwerera adapeza mudzi wawo utasamuka, ndipo mpaka pano akuufunafuna.

Amene adakhalapo m'chipereganyu, m'kwaya kapena m'timu ya mpira ya pamudzi, matenda amenewa akuwadziwa. Tsiku loyamba anthu amadzaza bwalo, mwezi wachitatu mlembi amakhala yekha ndi kope. Aphunzitsi a ku Domwe akafunsidwa ndi achinyamata ofuna kuyambitsa masewera awo, sawauza zambiri. Amati yambani ochepa, gwirizanani masiku, mpatseni wotopa njira yapafupi yosonyezera kuti alipo, ndipo amene wakhala chete musamukwiyire, kamuoneni.

Lachitatu lapitalo kudali chisanu. Aphunzitsi adakwera chulu atavala jekete ziwiri, natsegula kope, nalemba kuti apaulendo afika pamphambano, ndipo panjira ya kumanzere pali mapazi a ng'ombe zambiri. Adatchula mlenje kuti ndiye awerenge mapaziwo. Yankho la ku Dedza lidafika usiku womwewo. La ku Maputo lidafika m'bandakucha, lalitali monga mwa nthawi zonse, lodzaza ndi mabodza a wamalonda a mchere. Mlamu uja adatumiza mawu awiri okha, poti kwawo kudali odwala. Mayi awo adalankhula mbali yawo m'mawa akuotha dzuwa.

Mlenje amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa aphunzitsi, ndipo akadafuna akadangoyenda nkukawauza pakamwa. Koma iye amati nthano ili ndi mwambo wake. Lachinayi madzulo, atachokera kudimba, adasamba, natenga kampando kake, nakwera chulu kukasaka rede.